Zosokera ana chisanu chisanafike: tiyambire pati?

Mayi a Tadala (Mufakose): Mwaswera bwanji nonse. Juni wayandikira, ndipo mukudziwa mmene Harare amazizirira m'mamawa. Pano pali thumba lodzaza zidutswa za zitenje, malaya aakulu atatu ndi juzi imodzi za kaunjika wa ku msika wa Mupedzanhamo, ndi makina osokera a Butterfly opukusa pamanja, opanda zigizagi (sitichi yokhotakhota yotsekera mphepete mwa nsalu). Ana ndi awiri, wa zaka 4 ndi wa miyezi 8. Ndikufuna mathalauza, kabulangete, mwinanso kachidole. Ndiyambire pati kuti nsalu isapite pachabe?

Agogo Nabanda (Highfield): Taswera mwanangu. Sizasi iyambe yagona kaye. Chapani zonse, mtundu uliwonse paokha, muyanike, musite. Nsalu ya thonje imabwerera ikalawa madzi koyamba, pa mita imodzi mutha kutaya masentimita 3 mpaka 5. Mukadula yosachapa, thalauza likwana lero, mukadzalichapa akakolo ali pamtunda. Komanso chitenje chatsopano chimabwera chili gwa ndi mankhwala a ku fakitale, khungu la khanda silifuna zimenezo.

Mayi a Chikondi (Chitungwiza): Agogo, si paja timanyika m'madzi a mchere kuti chisasuluke?

Che Saidi (Epworth): Mchere musautaye amayi, pitani nawo ku ndiwo. Utoto umene sunagwire ku fakitale sugwira chifukwa cha mchere. Chofunika ndi kudziwa chitenje chimene chikutaya utoto. Nyowetsani ngodya yake, ikani kansalu koyera pamwamba, mudinde ndi simbi yotentha. Kansalu kakasintha mtundu, chidutswa chimenecho chisalowe m'bulangete limodzi ndi zoyera. Zofiira ndi zabuluu wakuda ndizo zimakonda kutero.

Agogo Nabanda: Ife mchere tinakula nawo, koma zoyesa ndi simbizo ndavomera.

Che Saidi: Chinanso. Zambiri zimene m'tauni muno akugulitsa kuti zambia, dzina la chitenje kuno, ndi poliyesitala, si thonje. Somolani timaulusi pang'ono, mugwire ndi phini, muyatse panja. Thonje limanunkha ngati pepala, limasiya phulusa lofewa. Poliyesitala amasungunuka, amasiya kambulu kolimba kakuda. Zokhudza khungu la khanda zikhale za thonje. Ndipo mukamagula funsani ngati akudula pa mita kapena pa yadi, yadi ndi masentimita 91 okha.

Abambo Mwale (Mbare): Mayi a Tadala, yambani ndi thalauza la wa zaka 4, ndilo losavuta ndipo lolakwika limakonzeka. Patani simusowa. Tengani thalauza lomwe likumukwana pano, mulipinde pakati mwendo pamwamba pa mwendo, mukoke nsonga ya mphechepeche ituluke bwino. Pindani nsalu, mugoneke thalauzalo kuti mbali yake yowongoka ya kunja ikhale pa mpindo wa nsalu. Jambulani ndi choko kapena kachidutswa ka sopo wotha. Apa ndi pamene ambiri amagwa: chiuno cha thalauza lakale n'chokwinyika ndi lasitiki, ndiye mukajambula mmene chililimo, latsopano silidutsa pamatako. Kokani chiunocho chitambasuke musanajambule. Nsalu ya m'chiuno yonse ipose muyeso wa pamatako ndi masentimita 6 kapena kuposa.

Onjezani masentimita 1.5 m'mbali za msoko, 3.5 pamwamba pa chiuno, 4 kumapazi. Dulani miyendo iwiri. Kutsogolo tsitsani chiuno ndi masentimita 2, kumbuyo musakhudze, chifukwa mwana akagwada kumbuyo ndiko kumafuna nsalu. Lembani kachizindikiro kumbuyoko nthawi yomweyo, mukasoka simudzasiyanitsanso. Kwa mwana wa msinkhu uwu masentimita 70 a chitenje akukwana, popeza mulifupi mwake mumakhala pafupifupi 110. Utali wa mwendo utsate utali wa nsalu, motsatana ndi mphepete ya ku fakitale. Mukadula mopingasa kapena mopendama kuti musunge nsalu, mwendo umapotoka mukachapa ndipo palibe simbi yowongola.

Kasokedwe: mwendo uliwonse sokani msoko wamkati. Tembenuzani umodzi, muulowetse mwa unzake kumaso kuyang'anizana ndi kumaso, misoko ikumane, musoke kuchokera kutsogolo kudutsa m'mphechepeche mpaka kumbuyo. Pamenepo dutsani kawiri. M'chiuno pindani sentimita 1, kenako 2.5, musoke mozungulira ndi kusiya kampata ka masentimita 3. Lasitiki akhale wa masentimita 2 mulifupi, mumudule mochepera chiuno cha mwana ndi masentimita 2. Mulowetseni ndi phini wa thewera, nsonga zipitane masentimita 2, musoke kabokosi, mutseke mpata.

Mayi a Tadala: Zikomo bambo. Nanga m'mphepete moyoyoka ulusi, popeza zigizagi palibe?

Agogo Nabanda: Msoko wobisa, umene atelala amati wachifalansa. Poyamba kumanizani nsalu kumbuyo ndi kumbuyo, ngati mwalakwitsa, musoke theka la sentimita kuchokera m'mphepete. Chepetsani mphepeteyo itsale mamilimita 3. Tembenuzani, musite kuti msoko ukhale pa nsonga penipeni, musokenso pa sentimita 1. Mphepete yonse yatsekeredwa mkati, palibe choyoyoka, palibe chokanda mwana. Mukaona tindevu ta ulusi tikutulukira kumaso, ndiye kuti simunachepetse mokwanira poyamba paja.

Abambo Mwale: Pamiyendo zoona agogo, koma pamphechepeche ayi. Malo okhota kwambiri msoko umenewo umakwinyika, umapanga chibuluma chimene mwana amachimva akakhala pansi. Pamenepo sokani kawiri, muchepetse, mukulunge mphepete ndi singano ya pamanja. Ndi mphindi khumi basi.

Agogo Nabanda: Pa nsalu yopyapyala zimatheka ndithu. Pa yokhuthala mwanena zoona.

Achemwali Nangozo (Dzivarasekwa): Juzi ija musaidule pathupi kaye. Mikono yake ndi thalauza la wa miyezi 8 lopangidwa kale theka. Dulani mikono yonse iwiri pamapewa. Kumanja kolimba kuja ndiko kukhale kumapazi, mpendero simusokanso. Kumtunda, mbali ya msoko, dulani kokhota ka mphechepeche motsatira thalauza lake lakale, koma muzamitse ndi masentimita 3 chifukwa cha thewera. Lumikizani monga anenera abambo Mwale.

Che Saidi: Pa juzi singano wamba imalumpha masitichi ndipo imaboola ulusi wa nsalu, mabowo amayamba kuyenda. Funsani singano ya nsonga yobulungira, amati ballpoint, nambala 80 kapena 90. Ndipo popeza makina anu ndi a sitichi yowongoka yokha, imene siitamuka, ikani utali wa sitichi pa mamilimita 3, mukoke nsalu pang'ono chabe kutsogolo ndi kumbuyo pamene mukusoka, mudutse mizere iwiri. Mukapanda kutero ulusi umaduka tsiku loyamba mwana akamakwawa. Ngati juzi ndi yoluka motalikana, yambani mwasoka mzere mkati mwa choko musanadule, kuti isamasuke.

Mayi a Tadala: Ndayamba abale, koma makina andikana. Pamwamba msoko uli bwino, pansi pali chisa cha ulusi. Ndamanga kasikuluu ka pa choikamo bobini ya ulusi wapansi, palibe chasintha.

Che Saidi: Bwezerani kasikuluuko pamene kanali. Chisa chikakhala pansi, wolakwa ndi ulusi wapamwamba, si bobini. Chimene chachitika n'chakuti mwalowetsa ulusi kaphazi kopanikiza nsalu kali pansi. Kaphazi kakatsika timbale ta tenshoni, topana ulusi wapamwamba kuti ulimbe, timatsekana, ulusi umangodutsa pambali osalowa pakati. Kwezani kaphazi, solololani ulusi wonse, mulowetsenso kuyambira pa chiyambi, ndipo onetsetsani kuti wadutsa pa kankono kokwera ndi kutsika kaja. Tsitsani kaphazi mukoke ulusi: uzimveka kulimba. Poyamba msoko gwirani nsonga ziwiri za ulusi kumbuyo mpaka masitichi atatu.

Zina zoti muone pa makina akuda amenewa. Singano mbali yake yaphwathalala imayang'ana kumanja, ulusi umalowa kuchokera kumanzere kupita kumanja. Mukaitembenuza makina satola ulusi wapansi kapena amalumpha. Pogula nenani kuti HAx1 kapena 130/705H, chifukwa singano za makina a m'fakitale n'zobulungira kumutu ndipo sizikhala bwino mwanu. Pa chitenje gwiritsani 80 kapena 90, pa jini 100. Gudumu lizizungulira chobwera kwa inu nthawi zonse, mukalibweza m'mbuyo ulusi umakodwa. Bobini muyese chonchi: gwirani ulusi, choikamo bobini chilendewere, mugwedeze dzanja kamodzi. Chitsike pang'ono n'kuima. Chikagwa mpaka pansi chamasuka, chikakana kusuntha mwamangitsa. Tsegulaninso kambale ka pansi pa singano, muchotse fumbi la nsalu pakati pa mano ndi mswachi wakale.

Mayi a Chikondi: Mafuta ophikira angathandize pothira mu makina? Ena amatero.

Che Saidi: Ayi ndithu mayi. Amauma n'kusanduka ulimbo, pakatha miyezi makina amamanga. Mafuta a makina osokera okha, dontho limodzi pa bowo lililonse, kenako musoke pa chisanza kaye kuti asadetse nsalu.

Mayi a Tadala: Kunali kaphazi komweko kkkk. Tsopano akuyenda. Thalauza limodzi latha, latsala bulangete.

Agogo Nabanda: Dulani katoni ya masentimita 12 mbali zonse, ikhale muyeso wanu. Msoko ukadya sentimita 1 mbali iliyonse, chigamba chimatsala 10. Bulangete la masentimita 80 kwa 100 likufuna zigamba 80, mizere 10 ya zigamba 8. Ziyaleni pamphasa muone mmene mitundu ikukhalira, zakuda zisaunjikane mbali imodzi. Sokani mzere uliwonse paokha. Posita, misoko ya mzere woyamba igonere kumanja, ya wachiwiri kumanzere, choncho mpaka kumapeto. Mukamalumikiza mizere misoko ija imakolana ndipo ngodya zimakumana zokha. Ikagonera mbali imodzi pamakhala phiri, singano imathyoka.

Chimene chimaononga bulangete la zigamba si kudula, ndi msoko wosafanana. Mukaphonya mamilimita 2 pa chigamba chilichonse, pofika kumapeto kwa mzere mwaphonya kuposa sentimita, ngodya sizikumananso. Matani kapepala komata pa makina, sentimita 1 kuchokera pa singano, nsalu iziyenda motsata pamenepo. Musamayang'ane singano, yang'anani kapepalako.

Musasakanize jini ndi nsalu yopyapyala m'bulangete limodzi, yolimba imang'amba yofooka pa msoko. Malaya a kaunjika aja dulani kumsana ndi kutsogolo, m'khwapa ndi pa chigongono pamakhala potha kale. Unikani padzuwa, poonekera kwambiri musiye.

Anaphiri (Mabvuku): Pakati muike chiyani agogo? Ena amaika siponji.

Agogo Nabanda: Siponji ayi, sichedwa kunyenyeka ndipo imasunga madzi. Bulangete lakale lopyapyala, kapena fulanelo mapepala awiri. Yalani chapakaticho pansi, zigamba pamwamba pake kumaso kuyang'ana kumwamba, kenako nsalu ya kumsana kumaso kuyang'ana pansi. Zonse masentimita 82 kwa 102. Bayani maphini, musoke mozungulira, musiye masentimita 20. Dulani nsonga za ngodya, mutembenuze, musite, musokenso m'mphepete monse theka la sentimita, mpata utsekeka pomwepo. Kenako gwirizanitsani zitatuzo, apo ayi chapakati chimathawira ku ngodya mukachapa. Sokani motsata misoko kuyambira pakati kupita kunja, mzere uliwonse wachiwiri. Makina akamakankha nsalu yapamwamba n'kupanga makwinya, masulani pang'ono sikuluu ya pamwamba yopanikiza kaphazi, sitichi muike pa 3.5.

Anaphiri: Zikomo agogo. Ndionjezepo za wa miyezi 8. Bulangete limenelo ndi loyala pansi posewera kapena lofunditsa ali kumsana. Pogona lisafike kumaso, ndipo pilo musamusokere mpaka atapitirira chaka. Nyengo ino tisamalenso mbaula ndi kandulo magetsi akathima. Fulanelo wa ubweyaubweya amagwira moto msanga, ndipo nsalu yofunda ya poliyesitala ija imasungunuka n'kumata pakhungu. Zogonera za ana zikhale zogwira thupi, osati zamkanjo zolendewera.

Mayi a Chikondi: Nanga kachidole? Maso a mabatani amakongola.

Anaphiri: Amakongola, koma mwana wosakwana zaka 3 chilichonse chimathera m'kamwa. Batani, mkanda, belu, zonsezi ayi. Muyeso wa kunyumba ndi kachubu ka katoni ka pepala la kuchimbudzi: chinthu chikalowa mmenemo, chitha kutsamwitsa mwana. Maso, mphuno ndi pakamwa petani ndi ulusi, ndipo mupete musanalumikize mbali ziwirizo kuti mfundo zitsalire mkati.

Kachidole kosavuta ndi ka zidutswa ziwiri zokha, kutsogolo ndi kumbuyo, mutu ndi manja ndi miyendo zonse pamodzi, kotalika masentimita 25. Chosokedwa padera chimazuka. Manja ndi miyendo zisachepere masentimita 4 mulifupi podula, zikachepa simuzitembenuza. Khosi nalo likhale lonenepa, lowonda limagwetsa mutu. Sitichi ikhale yaifupi, mamilimita 1.5 mpaka 2, mudutse kawiri. M'khwapa, m'khosi ndi pakati pa miyendo temani timabala tating'ono mpaka pafupi ndi ulusi, osaudula. Mukaiwala, kachidole kamatuluka kokwinyika ngati kakulira. Mpata wa masentimita 6 musiye m'nthiti. Tembenuzani ndi kumbuyo kwa pensulo.

Zolongamo: thonje la fakitale la m'pilo wakale wochapa bwino, mulimwaze ndi zala, muzilowetsa pang'onopang'ono kuyambira kumapazi ndi kumanja. Mukalowetsa chibuluma chachikulu kamodzi pamatuluka mabampu. Nyemba, mpunga kapena chimanga musaike: zimafufuma ndi kuwola mukachapa, zimaitana anankafumbwe, ndipo msoko ukaphulika zili m'kamwa mwa mwana. Tsekani mpata ndi singano ya pamanja, ulusi wapawiri, mukubaya mbali iyi kenako iyo mkati mwa mpindo, mukakoka msoko umabisala. Mukamaliza kokani dzanja lililonse mwamphamvu ngati mmene angakokere mwini wake.

Agogo Nabanda: Tsitsi la chidole?

Anaphiri: La khanda dulani kansalu kakuda mukasokerere pamutu ngati duku. Tsitsi la wulu lisungireni wa zaka 4, ndipo musoke pakati pake ndi makina kawiri. Chingwe chilichonse pa choseweretsa chisapitirire masentimita 20. Pa zovala za ana osakwana zaka 7, m'khosi ndi pa chipewa cha jekete musadutsitse chingwe, chimakola pa mpanda kapena pa katungwe.

Achemwali Nangozo: Amene ali ndi singano zolukira, chipewa cha wa miyezi 8 ndi madzulo awiri. Wulu wonenepa mwapakatikati, umene amati double knitting, mpukutu umodzi wa magalamu 50, singano za mamilimita 4. Yambani mwaluka kachigamba koyesera: masitichi 22 apereke masentimita 10. Akapereka kuposa, mukuluka momasuka, tsikirani ku singano za 3.5. Yezani mutu wa mwana pamwamba pa makutu, pa msinkhu uwu umakhala cha m'ma 44. Chipewa chichepere mutu ndi masentimita 4, ndiye ikani masitichi 88, kuonjezapo 2 a msoko. Lukani awiri chakumaso, awiri chakumbuyo mpaka masentimita 4, kenako wamba mpaka zonse zikwane 11. Pochepetsa: lukani 9, awiri pamodzi, choncho mpaka mzere uthe. Mzere wobwerera musachepetse. Kenako 8 ndi awiri pamodzi, kenako 7, mpaka atsale ochepa oti mulowetse ulusi ndi kukoka. Wa zaka 4 muyambe ndi 104. Mzere woyamba musamange kwambiri, umadinda mwana pachipumi. Chingwe cha pachibwano ndi kampira ka pamwamba zisiyeni, ndipo akamagona m'nyumba chipewa chivulidwe.

Mayi a Chikondi: Timasokosi toluka bwanji achemwali?

Achemwali Nangozo: Titha, koma tembenuzani muone mkati nthawi zonse mukachapa. Kaulusi kolendewera kapena tsitsi likakulunga chala cha khanda, chimatupa msanga ndipo mwana amangolira osadziwika chifukwa. Nsonga zonse muzilukire mkati ndi singano, osangodula.

Mayi a Tadala: Wamkuluyu sakundisiya, akufuna kugwira singano nayenso.

Anaphiri: Mupatseni ntchito yake. Dulani katoni mooneka ngati nsomba kapena nyumba, mubowole m'mphepete motalikana masentimita 2, mumupatse chingwe cha nsapato azilowetsa ndi kutulutsa. Zimalimbitsa zala zogwira pensulo. Akafika zaka 6 kapena 7, singano ya pulasitiki ndi wulu pa chidutswa cha saka. Singano yeniyeni ndi batani cha m'ma 8, inu muli pambali. Angathenso kukusankhirani zigamba, zofiira uku zobiriwira uko, mudzaona akulisamala bulangetelo.

Abambo Mwale: Ndipo maphini muziwerenga. Mwatulutsa 20, abwerere 20 musanadzuke pa mpando. Kamaginito komangirira ku chingwe kamatola ogwa pansi. Musamawagwire ndi milomo, ana amatengera.

Mayi a Chikondi: Funso lomaliza kwa abambo Mwale. Mathalauza a sukulu akutha pamabondo okha, kwina konse kuli bwino. Chigamba changa chimangozuka m'mbali.

Abambo Mwale: Chimazuka chifukwa mukusokera pa nsalu yotha kale. Chigamba chipose bowo ndi masentimita 3 mbali zonse kuti ulusi ugwire pa nsalu yamoyo, ngodya muzizungulize chifukwa zosongoka ndizo zimayamba kutukuka, ndipo chikhale chochapa kale, cholemera mofanana ndi thalauzalo. Mwendo wa thalauza la mwana sulowa pa makina, ndiye phwasulani msoko wamkati masentimita 20 kuzungulira bondo, muyale, musoke chigamba mizere iwiri, mutsekenso. Mayi a Tadala, pa latsopano lija mukadula lachiwiri, sokeranitu chigamba mkati mwa bondo miyendo isanatsekedwe. Ndipo mpendero wa kumapazi mupinde masentimita 6 m'malo mwa 4, ndi sitichi yaitali yosavuta kuphwasula, kuti Juni wa chaka chamawa mudzangotsitsa.

Mayi a Tadala: Lachiwiri ndidula mawa, ndionjezera pamenepo. Che Saidi, singano ya juzi ija mwati nambala 80?

Che Saidi: 80 ngati juzi ndi yopyapyala, 90 ngati ndi yokhuthala. Mugule ziwiri, yoyamba imakonda kuthyoka pa msoko wa m'khwapa.